Sabata Imene Sindinasambe

Sendezani lichero pakati kuti nonse mufikire, ndipo khalani mbali ya dzuwa, mthunzi wa mwezi uno umaluma. Iwe Yamikani, mtedza ndakupatsa kuti uswe, osati kuti udye. Ndikukuona. Tsaya lako likuyenda.

Dzulo munandiseka, ana inu. Musakane. Ndinatuluka m'khitchini ndi ndowa ya madzi otentha, n'kuyenda nayo pang'onopang'ono mpaka kubafa, kenako n'kuitana kuti, "A Nankhoma, madzi ali kubafa." Iwe Tadala unabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Pambuyo pake unandifunsa kuti, "Agogo, kodi kuno amuna ndi amene amaikira akazi madzi?" Sindinakuyankhe chifukwa amayi anu anali pomwepo. Lero aperekeza agogo anu aakazi kuchipatala kuboma, ndiye ndikuyankha.

Koma ndiyambe ndanena ichi. Chikwama chachikulu chimene amayi anu abwera nacho kuchokera ku Lilongwe ndachiona. Ndinachinyamulako potsitsa, ndipo mulibe kanthu. Ine ndakalamba mawondo, maso ayi. Munthu sabwera kumudzi ndi chikwama chopanda kanthu ngati sakufuna kubwerera nacho chodzaza, ndipo mtedza sitiika m'chikwama cha matayala. Abwera kudzatenga amayi awo kuti akakhale nawo kutauni, pafupi ndi madokotala. Za ine sanatchule. Sindikuwaimba mlandu, ndipo mumva chifukwa chake.

Inu mukamati "tikupita kwa agogo" mumayesa kuti mudzi uno ndi wathu tonse awiri. Ayi. Uno ndi mudzi wa agogo anu aakazi. Munda ndi wa kwawo, dimba ndi la kwawo, ngakhale dothi limene ndinaumbira njerwa za nyumba iyi ndi la kwawo. Ine ndine mkamwini, ndiye kuti mwamuna amene anatsatira mkazi kumudzi kwa mkaziyo. Imvi zandimerera pano, mano andigulukira pano, komabe pamaliro akamaitana eni mudzi ine ndimakhala phee. Kwathu ndi kuseri kwa malire, kupitirira Mwami, mbali ya Zambia.

Ndinabwera ndili mnyamata, wapansi, m'nyengo ngati yomwe ino, kudzathandiza msuweni wanga kuumba njerwa. Masiku amenewo malire ife tinkawadziwira mtengo wa mkuyu umene unali m'mbali mwa kanjira. Ukaupitirira ndiye kuti walowa dziko lina, ngakhale agalu ake ankauwa chimodzimodzi. Lero pitani pachipata paja mukaone: malori ataima mzere, osintha ndalama akukuthamangira, zenera ili pepala, zenera ilo chidindo. Mkuyu uja anaudula kalekale, kaya anaotchera njerwa za yani.

Pa ntchito ya njerwayo atsikana a m'mudzi ankatitungira madzi opondera dothi. Ndowa za nthawi imeneyo musaziyerekeze ndi mapulasitiki anuwa amene mphepo imagubuduza. Zinali zachitsulo, zokhomedwa ndi amisiri a malata, ndipo yopanda madzi yomwe inkakoka phewa. Atsikana onse ankabwera ndi imodzi pamutu. Panali mmodzi yekha amene ankabwera ndi imodzi pamutu, ina m'dzanja, osataya ngakhale dontho, kwinaku akundiseka chifukwa ndinkati "manje" m'malo moti "tsopano". Ine ndinayamba n'kudabwa nalo dzanja limenelo, kuti kodi mkati mwake muli chiyani. Nkhope ndinaiona pambuyo. Zimenezi musakawauze.

Inu mumadandaula kuzizira mutavala masokosi ndi majuzi awiri. Ife tili ana tinkagona kumphala, anyamata tonse gombeza limodzi, ndipo wakumapeto ankafunda chiguduli. Kusamba m'chisanu kunali kumtsinje, kudumphira n'kutuluka ukukuwa, sopo wake mchenga. Ambiri tinkangonyowetsa kumaso n'kukanama kunyumba. Madzi ofunda ine ndinawadziwa nditakwatira. Ndiye mukamva ndikulimbikira za madzi a kubafa, musayese kuti ndi nkhani ya litsiro chabe.

Ine ndinabadwa ndi matenda ofuna kudziwa. Wailesi yathu yoyamba ndinaimasula kuti ndione mmene mawu amayendera mkatimo, ndipo siinalankhulenso. Tsono titakwatirana, nditaona kuti agogo anu ndi munthu wosanena za mumtima, ndinafunafuna poti ndizisuzumira. Ndinapapeza m'ndowa. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka ankandiikira madzi, n'kubwera kudzagwada, n'kunena kuti, "A Mwale, madzi ali kubafa." Mawu anali omwewo chaka ndi chaka, koma madzi ankasiyana. Akakhala ofunda bwino, pakhomo pali mtendere. Akakhala ozizirirapo, pali kanthu kamene ndinalonjeza koma sindinachite. Tsiku lina nditachedwa kubawo mbuzi n'kulowa m'munda, ndinawapeza otentha ngati ososolera nkhuku. Koma kaya takangana, kaya mwana ali kumsana, kaya tangochoka kumaliro, madzi ankapita.

Mudziwenso kuti kale mkazi akatopa naye mkamwini sankakuwa ayi. Madzi ankangosiya kupita kubafa. Mwamuna wanzeru ankamva yekha, n'kuyamba kumanga katundu anthu asanamuseke. Ndinaziona ndili mwana kwa amalume anga, amene anabwerera kwathu ndi nkhwangwa ndi gombeza basi, ndipo titawafunsa kuti chachitika n'chiyani anangoti, "Madzi anaima."

Nkhani yanga ndi ya chisanu cha chaka chatha. Sabata yake inayamba ngati masabata onse a nyengo ino. Anthu okalamba m'chisanu tilibe zambiri. M'mawa timadikira kuti dzuwa lifike pakhoma la kum'mawa, ndiye timatuluka ndi mipando, ine m'jekete langa la pakaunjika, iwo m'zitenje ziwiri. Dzuwa likasuntha nafenso timasuntha, kuzungulira nyumba ngati abuluzi. Thupi likafunda ndimamanga zigubu panjinga n'kukatunga kumjigo, pakuti kutunga ndi njinga mwamuna sachita nako manyazi. Masana timaswa mtedza ngati mmene tikuchitiramu, kwinaku tikuonera utsi wa osaka mbewa m'minda. Kenako ine ndimatsetserekera kudimba kukathirira mpiru ndi anyezi. Pobwera ndimasamba dzuwa lisanabisale kuseri kwa mango, chifukwa likangobisala mphepo ya kudambo imalowa m'bafa ngati yaitanidwa.

Lolemba lake ndinabwera kudimba matope mpaka m'mawondo. Ndinatsamiritsa kheni yothirira pankhokwe, n'kukhala pampando wanga kudikira mawu anga aja. Agogo anu anatuluka m'khitchini n'kuima chapatali, osagwada, maso ali kunkhuku.

"Madzi ali pamoto," anatero.

"Pamoto?"

"Eya, pamoto."

Analowanso. Ine ndinati mwina sanafunde, ndidikire. Ndinadikira mpaka dzuwa linalowa m'mango, nkhuku zinakwera, madzi osasuntha pamafuwa. Mwina mukuti, bwanji osangonyamuka n'kukatenga? Kuchokera kukhitchini kufika kubafa mukupaona nokha, mwana wokwawa amafika. Koma ine ndinaona kuti ndikangoigwira ndowa ija ndiye kuti ndavomera kuti andichotsa. Ndinapala matope ndi chitsononkho, n'kukhala osasamba.

M'mawa mwake chinabwera china. M'chisanu agogo anu amaphika futali, mbatata zosenda bwino zothira nsinjiro, zoti ukadya thupi limafunda mpaka masana. Tsiku limenelo anandiikira mbatata zowiritsa ndi makoko omwe, ngati zopatsa aganyu. Ndinasenda ndekha, ndikuwayang'ana cham'mbali. Iwo anali atakumbatira kapu ya tiyi, maso ali kutali.

Ndinayamba kufufuza mlandu wanga. Kodi ndi mbuzi ija inadya mfutso wawo uli padzuwa ine ndikuwodzera? Koma zimenezo anaseka okha. Kodi n'chifukwa ndinati kwaya ya amayi imakoka nyimbo ngati ng'ombe zotopa pangolo? Zimenezo ndimanena chaka chilichonse. Ndinaganiza zokatula nkhani kwa ankhoswe, kenako ndinakumbukira kuti ankhoswe athu onse awiri ali kumanda. Takhalitsa mpaka tatsala opanda kokadandaula.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri ndi ngalande. Kuseri kwa bafa kuli ngalande imene imapita panthochi paja. Lachiwiri lomwelo pobwera kudimba ndinadzera kumeneko, ndipo ndinapeza dothi lanyoweratu, madzi a ndowa yathunthu ongotayidwa kumene. Agogo anu amasamba masana ndi timadzi ta m'beseni, toti sitingafike n'komwe panthochi. Ndinawerama n'kununkhiza. Fungo la sopo panalibe. Ndinasuzumira m'bafa. Ndowa ili chogona pamiyala, chinkhupule chili chouma. Nditakhala pampando, mawu anali omwe aja, madzi ali pamoto. Ndiye kuti madzi akupita kubafa ine kulibe. Nanga akupitira yani?

Lachitatu ndinapita kubawo kukafunsa a Lufeyo. Mumawadziwa, aja a chipewa chofiira amene amakupatsani nzimbe. Iwo ndi mkamwini mnzanga, ndipo asanabwere kuno anachotsedwapo paukwati wina ku Mavwere, ndiye ndinati awa ndi odziwa njira. Ndinawafotokozera zonse motsitsa mawu.

"Mbatata zamakoko?" anafunsa, dzanja laima m'mwamba.

"Zamakoko."

"Aaa, achimwene, kwatha. Ine ku Mavwere zinayamba chonchi. Zikubwerazo ndi ndiwo zopanda mchere. Nanga akamakulonjerani m'mawa akuomba m'manja?"

Ndinaganiza. "Iyayi, asiya."

"Basitu. Popani njinga."

"Nanga madzi a m'ngalandewo, a Lufeyo?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi. "Alipo akusamba."

"Pa msinkhu umenewu? Munthu wa zidzukulu?"

"Nanga madoda ofedwa ndi ochepa mudzi uno?"

Ndinawanyoza mumtima, koma pobwerera ndinkayang'anitsitsa madoda onse amene ndinakumana nawo kuti ndione amene akuwala. Onse anali otuwa ngati ine.

Musaseke kwambiri, chifukwa tsiku limenelo ndinachita mantha enieni. Ndinalowa m'nyumba n'kuyang'ana zimene ndinganene kuti n'zanga. Njinga, wailesi yachiwiri, nkhwangwa, jekete. Zonse zikanakwana pakaliyala, malo n'kutsala. Njinga imeneyo ndi yomwe ndinawakwezapo agogo anu tili achinyamata kupita ku Chipata kukagula chitenje, ndipo pobwera tayala litaphulika anaikankha ndi iwo theka la njira, akuimba. Tsopano ndiyende nayo ndekha njira yomweyo? Kwathu mlongo wanga anamwalira, atsala ana ake. Wamkulu amandiuza pafoni kuti, "Malume, mukalema kumeneko bwerani." Ndi mwana wabwino. Koma ndinadziona nditakhala pakhonde la eni, ndikuothera dzuwa pakhoma losalidziwa, ana akufunsana kuti mdala uyu ndi ndani. Ndinamva chisoni choti ngakhale mtedza unandikanika kuswa.

Chakumadzulo amayi anu anaimba foni. Agogo anu sanaitole, anangoti ndiidine ine kuti tonse timve.

"Tili bwino, Sesiliya, tili bwino kwabasi," anatero mokweza. "Atate ako ali pompano, akungonenepa."

Ine ndinatsegula pakamwa. Iwo anandiyang'ana. Ndinatseka.

Lachinayi kunali mapemphero a mphakati kunyumba ya anzathu kumtunda uku. Pofika tsiku limenelo ndinali nditayamba kumveka patali. Thukuta la kudimba, utsi, jekete losavula, zikang'a zitatseguka kumapazi, miyendo mbuu. Amene ndinakhala nawo pabenchi anayamba kusendera pang'onopang'ono mpaka wakumapeto anatsala pang'ono kugwa. Koma ine maso anga anali pamkeka wa amayi. Nyimbo itayamba onse ankaomba m'manja, agogo anu manja ali m'chitenje. Pakorona anzawo mikanda ikuyenda m'zala, yawo ili pamiyendo, akuikankha ndi chala chimodzi ngati akusankha nyemba. Pamenepo mutu wanga unayamba kubwerera. Ndinati, ine angandikwiyire, nanga Amayi Maria awalakwira chiyani? Munthu sasiya kuombera Mulungu m'manja chifukwa watopa ndi mkamwini.

Lachisanu ndinanyamula kheni ngati masiku onse, n'kutsazika. Nditafika pachulu paja ndinabisa kheni m'tchire, n'kubwerera mozemba kudzera m'munda wa chinangwa. Ndinaima kuseri kwa bafa, n'kupatula udzu wa mpanda ndi chala. Munthu wa imvi kusuzumira bafa la pakhomo pake! Akanandiona anthu ndikanayankha chiyani?

Ndinaona agogo anu akutuluka m'khitchini, akukankha ndowa yopanda kanthu ndi phazi, pang'ono pang'ono, mpaka m'bafa. Anabwerera. Anatulukanso ndi chikho cha madzi otentha, koma sanachigwire ndi zala. Anachipanikiza pakati pa mikono, chitatsamira pachifuwa, n'kuyenda mosamala kukakhuthulira m'ndowa. Anabwereranso. Chikho china, kenako china. Mphepo ya kudambo inali itayamba, ndipo nthunzi ya m'ndowa inkatha iwo akadali m'njira. Ndowa itadzaza anaviikamo chigongono. Anaima nthawi yaitali osasuntha. Kenako anaikankha ndi phazi, madzi onse khuthu, kutsata ngalande mpaka pamapazi anga. Anali ozizira.

Ndiye ndinaziona zala. Anazitulutsa padzuwa n'kumaziyang'ana. Mfundo zonse zinali zotupa, zala zitapindika ngati makoko a mtedza awa. Dzanja lomwe lija linkanyamula ndowa yachitsulo mwini wake akuseka. Ndinakumbukira kuti kuyambira nthawi yokolola madzi ankachepa m'ndowa tsiku ndi tsiku, ine n'kumati akusunga nkhuni. Ndinanunkhiza ngalande, ndinayang'ana miyendo ya madoda mudzi wonse, koma manja a munthu wokhala naye pakhoma limodzi sindinawayang'ane. Mtima unandiwawa kwambiri, ana inu.

Ndinatsokomola.

"Ndani?" anafunsa modzidzimuka.

"Ndine."

"Mukutani kuseri kwa bafa, a Mwale?"

"Ndikuona nthochi."

Ndinazungulira n'kulowa. Anabisa manja msanga m'chitenje.

"Tulutsani, ndawaona kale," ndinatero. "Ayamba liti?"

"Kalekale, koma chisanu chino ndiye anyanya. M'mawa sagwira ngakhale mpeni."

"Ndiye osanena? Ine sabata yonse ndikuyesa mukundichotsa."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Kukuchotsani? Ndikuchotseni lero mano atatha? Ndikanafuna ndikanakuchotsani muja munapha wailesi."

"Nanga osangoti, a Mwale, manja akupweteka, tengani madzi?"

"Ndinati madzi ali pamoto. Ndimati munthu wanzeru amva. Inetu ndimadabwa kuti bambowa alowa mpingo wanji woletsa kusamba."

Tinaseka, koma kuseka kwawo kunathera m'misozi. Anakhala pamwala uja timakwecherapo mapazi, n'kunena za mumtima, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Pakamwa panu ndimapadziwa. Mukanamuuza Sesiliya tsiku lomwelo. Pa Pasaka paja ananena kuti, amayi, mukangoyamba kuvutika ndikubwera kudzakutengani. Ine akanditenga, inu mutsala ndi yani? Kunyumba ya mwamuna wa mwana wanu simungakakhale, mumachita manyazi ngakhale kudya naye. Pano abale anga sangakuthamangitseni, koma adzayamba kukufunsani za kwanu, mwaulemu, tsiku ndi tsiku. Mudzapita ku Zambia, ine ku Lilongwe. Tidzangomva pafoni kuti mnzako uja anaikidwa dzana."

Ankanena zoona. Atate anu ndi munthu wabwino, musandimve molakwa, koma ine kugona m'nyumba mwawo, kumakumana nawo pakhomo la bafa nditavala thawulo, sindingathe, ndipo agogo anu anadziwa zimenezo ine ndisanaziganize. Sabata yonse ndinkaopa kuti akundichotsa, pamene iwo ankazunzika ndi chikho kuti ndisachoke.

Ndinatola ndowa ija. Ndinalowa m'khitchini, ndinasonkheza moto, madzi atatentha ndinathira m'ndowa n'kunyamula. Inali yopepuka! Zaka zonsezi ndinkaizemba ngati ili ndi minga.

"Sambani ndinu," ndinatero.

"Iyayi, yambani inu, mudzi upume."

Ndinasamba. Zimene zinatsika m'ngalande tsiku limenelo sindinena, koma nthochi ija inabereka mkoko waukulu chaka chimenecho.

Loweruka m'mawa mbatata ndinasenda ine, iwo akundilangiza kuti ndikutaya nyama yambiri ndi makoko. Nsinjiro ndinasinja ine, kuseri kwa nyumba kuti a Lufeyo asamve mtondo. Futali wake anali wolowa mchere, koma tinamudya yense. Dzuwa litapendeka ndinawatenthetsera madzi n'kukaika kubafa. Ndinati, ngati ndikuchita, ndichite monga mmene iwo anandichitira moyo wonse. Anali atakhala pamkeka pabwalo apa. Ndinafika n'kugwada.

"A Nankhoma, madzi ali kubafa."

Anatseka pakamwa ndi chitenje. "Dzukani, inu, anthu akuonani!"

Ndinayesa kudzuka. Mawondo anakana. Ndinayesanso, anangolira ngati nkhuni zonyowa. Mzati wa khonde unali kutali, ndodo ndinali nditaisiya m'nyumba. Agogo anu anatambasula dzanja monga mwa chizolowezi kuti andikoke, kenako tonse awiri tinaliyang'ana dzanjalo.

"Manja ayi," anatero. "Gwirani phewa."

Anasendera pafupi n'kulimbitsa msana. Ndinatsamira paphewa pawo ndi kulemera kwanga konse, ndipo ndinadzuka. Phewa lake linali lomwe lija la ndowa yachitsulo, silinasunthe ngakhale pang'ono. Kugwada anandiletsa kuyambira tsiku limenelo, koma ndikakhala pansi chonchi, podzuka ndimadzukira pomwepo.

Lamulungu tinapita ku Misa ku Guilleme ndili wowala, ndipo pabenchi palibe anasendera. Potuluka a Lufeyo anandikokera pambali.

"Achimwene, simunapite?"

"Iyayi. Ndamupeza amene amasamba."

"Ndani?"

"Nthochi."

Mpaka lero sanamvetse, ndipo ine sindinawafotokozere.

Sabata yotsatira tinakwera kabaza kupita kuchipatala. Adokotala anati ndi nyamakazi, n'kuwapatsa mankhwala, n'kuti aziviika manja m'madzi ofunda m'mawa. Kukatentha amakhalako bwino, chisanu chikabwera zimabweranso. Amayi anu tinawauza theka lokha la nkhani, ndipo ulendo umenewu pakamwa panga panayesetsa kusunga chinsinsi. Koma tsopano aona okha. Tsiku lomwe munafika anapeza ine ndikumanga duku la amayi awo, lopendekera kumodzi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Sindikuti akulakwa. Mwana wopanda chikondi sakanavutika kukoka chikwama chija ulendo wonse uja.

Madzulo ano ndiyenera kulankhula nawo, ndipo ine mwana wanga akangoti "ababa" mawu amandithawa. N'chifukwa chake ndayambira pa inu, kuti ndione ngati nkhaniyi ikuyenda. Ndikufuna kuwauza kuti agogo anu alibe manja, ine ndilibe mawondo, koma tikakhala pamodzi timakwana munthu mmodzi woti n'kudzisamala. Ine ndimasenda, ndimamanga, ndimanyamula. Iwo amandidzutsa, amakumbukira pamene ndaika mankhwala anga, amamva mbuzi ikalowa m'munda ine ndisanamve. Mankhwala angathe kubwera pabasi, kuchipatala tingathe kupita ndi kabaza. Koma akatigawa sadzakhala atathandiza aliyense. Adzangokhala ndi odwala awiri m'maiko awiri. Chikwamacho ngati sakufuna kubwerera nacho chopanda kanthu, ndasintha maganizo, mtedza umakwanamo bwino. Ndiye swani msanga.

Tamverani. Njinga zamoto za kabaza zikubwera, amayi anu ndi agogo anu ndi amenewo. Yamikani, thamanga ukasonkheze moto uike madzi, koma kunyamula ndinyamula ndekha. Iyayi, Tadala, bweza dzanja lako, usandidzutse. Ndikhala pompano pamkeka mpaka alowe. Eni phewa afika, ndipo ndikufuna amayi anu aone mmene timadzukira pakhomo pano.